Ndime 14 ya fayilo ya Mayi Hilda Likaka

Ine, Wilkins Alufandika, wa zaka 63, wa m'mudzi mwa Chapinga, Mfumu Yaikulu Mlolo, boma la Nsanje, koma wokhala ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndine wosunga kaundula pa bungwe laling'ono la mipingo lomwe limafufuza abale amene anatayana pa nkhondo ya ku Mozambique. Ofesi yathu ili ku Sunnyside. Ndikupereka umboni uwu lero Lachisanu, pa 13 Juni 2025, pa dandaulo la a Godfrey Likaka a ku Manja, loti a Paston Juwawo a ku Chigumula ananamiza mayi awo, Mayi Hilda Likaka, kuti ndi mlongo wawo wotayika, ndi cholinga chowalanda nyumba. Ndikufuna kufotokoza mmene a Juwawo anadziwira mawu amene sanayenere kuwadziwa. Ndapempha a Sajeni Mabvuto Kalinde kuti ndilembe ndi dzanja langa, ndipo avomera.

Mayi Likaka anabwera koyamba ku ofesi yathu Lolemba pa 6 Epulo 2009. Ndinawalandira ndine, ndipo ndinawatsegulira fayilo nambala 233. Anandiuza kuti kwawo ndi kufupi ndi Milange, kuti anathawa nkhondo mu Okutobala 1986 ali ndi zaka 19, ndi kuti tsiku lothawalo anataya mwana wamwamuna wa zaka 6 dzina lake Paston. Mwanayo sanali wa magazi awo. Mayi ake anamwalira pobereka, ndipo amayi a Mayi Likaka anamutenga ali wa masiku anayi. Amene ankamubereka kumsana ndi Mayi Likakawo.

Pa ofesi yathu pali njira yomwe timatsata. Munthu aliyense wofuna mbale wake timamupempha chinthu chimodzi chimene akudziwa iye ndi wotayikayo basi. Timachilemba papepala, n'kuchiika mu envulopu, n'kumata. Mafayilo awiri akaoneka ngati afanana, sitiimba foni ndipo sitilemba kalata. Anthu awiri a ku ofesi amapita kwa munthuyo, maulendo osachepera atatu, n'kumacheza naye za kale osatchula kanthu ka mu envulopu. Akachitchula yekha, m'pamene timakumanitsa anthuwo. Timatero chifukwa munthu amene wadikira zaka zambiri amaona mbale wake pankhope iliyonse, ndipo ena amabwera ndi bodza. Njira imeneyi ndinaiphunzira kwa amene ndinawapeza pa ofesipo mu 2004, ndipo amene anabwera pambuyo panga anaiphunzira kwa ine. Kufikira dzulo inali isanalembedwe paliponse.

Envulopu ya Mayi Likaka ndinailemba ndekha, m'chipinda chakumbuyo, chitseko chili chotseka. Anati sanauzepo munthu, ngakhale malemu amuna awo. Popeza zomwe zinali mkatimo zadziwika kale, ndizilemba pano. Tsiku lothawa anamuika mwanayo mu nkhokwe ya mapira ya anansi awo. Anamupatsa belu la njinga ya bambo awo, atalikulunga m'duku lawo, n'kumuuza kuti, “Ugwire, koma usalize mpaka nditabwera.” Anapita kudambo kukafuna amayi awo. Mfuti zinawatsekera njira. Anabwerera mmawa wake n'kupeza nkhokwe ilibe munthu, belunso palibe.

Kuyambira chaka chimenecho Mayi Likaka ankabwera Lolemba loyamba la Epulo ndi Lolemba loyamba la Okutobala. Ankafunsa kuti, “Palibe?” Ine ndinkayankha kuti, “Palibe, mayi.” Ankakhala pabenchi la pakhonde mphindi makumi awiri, kenako n'kupita. Buku la alendo likuonetsa maulendo 32. Anaphonya kamodzi kokha, mu 2020.

Mu 2024 tinalandira makatoni 16 a mafayilo ochokera ku desiki ya parishi ina ya ku Thyolo yomwe inatsekedwa. Munali mafayilo pafupifupi 1,900, ndipo ife pa ofesi tilipo anayi. Ena mwa mafayilo athu anali atadyedwa ndi chiswe. Mkulu wa bungwe, Mayi Kate Bandawe, analamula kuti zonse zilowe mu kompyuta. Maenvulopu ndinawatsegula ndekha ndi kutaipa ndekha, kuti wina asawaone. Zomwe zinali mkatimo ndinaziika mu ndime 14 ya fayilo iliyonse.

Mu Febuluwale chaka chino bungwe linalemba ntchito Mayi Afisa Saidi a ku Limbe, katswiri wa makompyuta, kuti atipangire wothandiza wa mtundu uja umatchedwa AI, woti aziwerenga mafayilo ndi kufufuza ofanana. Pa ofesi tinamutcha Kalaliki. Mayi Saidi anandifotokozera kuti Kalaliki sagwira kanthu ndi manja. Amapatsidwa zida, china chofufuzira dzina, china chotsegulira fayilo, china chotumizira uthenga. Chida chilichonse chimakhala ndi malongosoledwe ake, ndiye kuti mawu ochepa omuuza Kalaliki ntchito ya chidacho. Iye amawerenga mawuwo n'kusankha yekha chida choti agwiritse. Ndikukumbukira bwino mawu awo: “Ameneyu ndi kalaliki wanzeru amene wayamba ntchito lero, ndipo mawa adzayambanso lero. Chimene simunamulembere, kwa iye kulibe.”

Zida zinalipo 11. Malongosoledwe ankalemba ndi Mayi Saidi, ndipo ntchito yowaunika ndi kuwavomereza inapatsidwa kwa ine, chifukwa ndine amene ndakhalitsa. Ndinapanga fomu ya mafunso asanu. Malongosoledwe anayenera kunena chimene chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, nthawi yosachigwiritsa ntchito, zomwe chimafuna ndi zomwe chimabweza, ndiponso ngati chimene chachitika chingabwezedwe. Funso lililonse linali ndi malikisi asanu. Pansi pa fomuyo ndinalemba lamulo loti chida cholephera malikisi ena chiyesedwe ndi mafayilo ongopeka chikakonzedwa, koma chopeza malikisi onse 25 chisatayitse nthawi. Lamulo limeneli ndinalilemba ndine, ndipo palibe anandiuza kutero.

Ntchitoyi tinaigwira kuyambira Lolemba pa 19 Meyi mpaka Lachisanu pa 23 Meyi. Chida chachitatu, chofufuzira mudzi, ndinachibweza katatu, chifukwa malongosoledwe ake sanamuuze Kalaliki kuti anthu ambiri amatchula msasa womwe anafikira ngati mudzi wawo. Chida chachisanu ndi chimodzi ndinachibweza chifukwa sichinanene chochita munthu akati anathawa “chaka chomwe mlatho unagwa” osatchula chaka. Chida chachisanu ndi chiwiri, chophatikizira mafayilo awiri, ndinachipatsa malikisi 9 okha, chifukwa sichinanene kuti mafayilo akaphatikizidwa salekanitsidwanso. Tsiku limenelo Mayi Saidi anati, “A Hedimasitala, kodi kwanu ku Nsanje ana ankakhoza mayeso?” Ndinayankha kuti ankakhoza amene ankawerenga.

Lachinayi pa 22 Meyi, cha m'ma 3 koloko masana, tinafika pa chida chachisanu ndi chinayi. Pepala lake ndalipereka kwa a Sajeni, ndipo mawu ake onse ndi awa: “Chida ichi chimadziwitsa anthu awiri amene mafayilo awo afanana. Chimatumiza ku mafoni awo zomwe zili mu fayilo ya mnzawo. Chigwiritsidwe ntchito potsata njira ya ofesi.” Ndinawerenga kawiri. Pa funso la nthawi yochigwiritsa ntchito ndinapereka malikisi asanu, chifukwa nditaona mawu oti njira ya ofesi ndinawerenga maulendo atatu aja. Pa funso la nthawi yosachigwiritsa ntchito ndinaperekanso asanu, chifukwa ndinawerenga envulopu yomata. Papepalapo panalibe maulendo, panalibe envulopu, panalibenso ndime 14. Zonsezo zinali m'mutu mwanga. Funso lakuti uthenga ukapita ungabwezedwe ndinalichonga osaima.

Mayi Saidi ataona malikisi 25 anaseka, n'kunena kuti, “Lero kugwa mvula.” Kenako anafunsa kuti, “Koma bambo Alufandika, mawu awa a njira ya ofesi ndinangowamva kwa inu. Njirayo yalembedwa pati, kuti ndimupatse?” Ndinayankha kuti, “Aliyense pano akuidziwa.” Iwo anati, “Uyu si wa pano.” Anafunsanso ngati tingaikepo kuti munthu ayambe wavomereza uthenga usanapite. Ndinati mawu oti njira ya ofesi akutanthauza zomwezo, ndipo kuwonjezera ndi kubwereza mawu. Ndinasayina. Chidacho sichinayesedwe.

Kalaliki anayamba ntchito Lolemba pa 2 Juni. Sabata yoyamba anapeza mafayilo 14 olembedwa kawiri ndi midzi 30 yolembedwa molakwika, ndipo zonsezo ndinazitsimikiza kuti n'zoona. Kaundula wa zochita zake ndinkamuwerenga Lachisanu lokha.

Lachitatu pa 11 Juni, nthawi ya 8:20 m'mawa, a Godfrey Likaka analowa mu ofesi osagogoda. Ndinali ndisanawaonepo. Anati ndi mwana yekhayo wa Mayi Likaka, ndipo ndi dalaivala wa lole. Anati anafika ku Manja Lachiwiri madzulo kuchokera ku Mwanza n'kupeza nyumba ili yokhoma, foni ya mayi awo yozima. Mayi woyandikana nawo anawauza kuti Mayi Likaka anatuluka cha m'ma 11 koloko atavala zovala za kutchalitchi, n'kunena kuti, “Ndikupita kukatenga mwana.” A Godfrey anamenya tebulo langa n'kunena kuti, “Mwana uti, madala? Mwana wake ndine. Mwamuuza chiyani mayi anga?” Ndinayankha kuti ofesi sinawauze kanthu. Pa nthawiyo ndinkadziwa choncho.

Mayi Saidi anatsegula kaundula wa Kalaliki. Unaonetsa kuti Lachiwiri pa 10 Juni, nthawi ya 9:14 m'mawa, Kalaliki anagwiritsa ntchito chida chachisanu ndi chinayi pa fayilo 233 ndi fayilo T-871, imodzi mwa za ku Thyolo. Pa chifukwa analemba kuti: “Mafayilowa afanana pa dzina, chaka, dera ndi msinkhu. Malongosoledwe akuti nditumize zomwe zili mu fayilo. Njira ya ofesi sindinaipeze mu zomwe ndapatsidwa.” Kwa Mayi Likaka anatumiza fayilo ya a Juwawo, pamodzi ndi malo omwe amakhala. Kwa a Juwawo anatumiza fayilo 233 yonse, kuyambira ndime 1 mpaka ndime 14. Mayi Saidi anamuimitsa Kalaliki nthawi ya 8:47. Palibe uthenga wina womwe unatuluka.

Ndinatenga fayilo T-871 m'katoni nambala 9. Inalembedwa mu 2017, ndipo nambala ya foni ndi malo okhala zinakonzedwa mu 2022. Imati a Paston Juwawo anatoledwa m'njira ali wamng'ono mu 1986 ndi banja lina lomwe linkathawa kuchokera cha ku Milange, analeredwa ku Thyolo, ndipo dzina la Juwawo ndi la amene anawalera, omwe anamwalira kale. Ankafuna “mchemwali amene ankandibereka, dzina ndinaiwala.” Pa chinsinsi chawo panalembedwa kuti: “Munali mdima, ndipo ndinauzidwa kuti ndisapange phokoso.” Ndiyenera kunena kuti mawu ofanana ndi amenewa ali m'mafayilo oposa 40 a ana otayika m'zaka zimenezo, ndipo a Paston a msinkhu umenewo tili nawo atatu.

Nthawi ya 9:30 tinanyamuka ine, Mayi Saidi ndi a Godfrey. Tinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kusintha ina ya ku Bvumbwe, n'kutsikira pa msika wa Chigumula. Kunali chiperoni. Tinayenda pansi mtunda wokwana kilomita imodzi ndi theka, kudutsa minda ya chimanga chokolola kale. Tinafika cha m'ma 11:15. Nyumbayo ndi ya lendi, ya zipinda ziwiri. Panja panali mbaula zatsopano zisanu ndi malata odulidwa, chifukwa a Juwawo amakhoma mbaula ndi ndowa. Mayi Likaka anali pakhonde, akusoka batani pa jekete lachimuna. A Juwawo anali pampando waufupi pambali pawo, ndipo akazi awo anali pakhomo.

Mayi Likaka anati, “Bambo Alufandika, mwachedwa. Ndamupeza kale.” Kwa mwana wawo anati, “Godfrey, apatse moni malume ako.” A Godfrey sanapereke moni. Anati, “Amayi, tiyeni kwathu.” Mayi Likaka anapitiriza kusoka.

Ndinapempha mpando n'kuwafunsa mmene zinayendera. Anati anafika cha m'ma 1 koloko Lachiwiri, atafunsa njira kanayi. Anati sanakhale pansi, sanalandire madzi, anaima pabwalo n'kufunsa kuti, “Ndinakupatsa chiyani, ndipo ndinati chiyani?” A Juwawo anayankha kuti belu la njinga, lokulunga m'duku, ndipo anatchula mawu aja onse osaphonya limodzi.

Ndinafunsa a Juwawo ngati analandira uthenga wochokera ku ofesi yathu. Anati eya. Analowa m'nyumba, n'kutenga foni, n'kundipatsa osazengereza. Uthengawo unali wotsegulidwa, ndipo ndime 14 inali m'menemo. Anati anauwerenga ali pa ntchito, kenako anauwerengera akazi awo, ndipo ankaganiza kuti umu ndi mmene ofesi imachitira.

Ndinawauza Mayi Likaka kuti mawu omwe anandipatsa mu 2009 anafika pa foni imeneyi maola anayi iwo asanafike, ndiponso kuti zinatero chifukwa cha pepala lomwe ndinasayina ine. Anaika singano pa jekete. Anati, “Ndinakupatsani chinthu chimodzi kuti musunge.” Kenako anati, “Komabe ndi iyeyu. Taonani mmene wakhalira, mwendo wina pansi pa unzake. Ankakhala choncho.” A Godfrey anati, “Amayi, theka la Chigumula limakhala choncho, mipando yake ndi yaifupi.”

Kenako Mayi Likaka anati a Juwawo ndi banja lawo asamukira ku Manja kumapeto kwa mwezi, chifukwa chipinda chakumbuyo ndi chawo. A Godfrey anandiuza pomwepo kuti chipinda chimenecho chinamangidwa mu 1998, muli bedi ndi bulangete, mayi awo amachisesa Loweruka lililonse, ndipo anakana kuchichititsa lendi, anakananso kuti iwo agonemo atakwatira. Analoza a Juwawo n'kunena kuti, “Ndiye wabwera wa mbaula, wawerenga pa foni, walowa.” A Juwawo anati, “Ine sindinapemphe chipinda, achimwene.” A Godfrey anati, “Ine si mchimwene wanu.” Mayi Likaka anakana kunyamuka. Tinachoka nthawi ya 12:40, iwo atatsala.

Lachinayi pa 12 Juni m'mawa ndinamva kwa Mayi Bandawe kuti a Godfrey akadandaula ku polisi ndipo a Juwawo atengedwa kuti akafunsidwe. Mmawa umenewo ndinalemba njira ya ofesi papepala. Inakwana masamba anayi. Nthawi ya 4 koloko masana ndinabweretsa pa polisi pano mafayilo awiriwo, fomu yanga ya malikisi ndi kaundula wa Kalaliki. Mayi Likaka ndinawapeza pabenchi la panja atanyamula jekete lija. Wapolisi wa pa kauntala anati mayiwo anafika 9 koloko ndipo sanachokepo. Ndinawapatsa moni. Anayankha moniwo, osaonjezera kanthu.

Lero nthawi ya 10 koloko m'mawa a Sajeni Kalinde anatiitana tonse mu ofesi yawo: Mayi Likaka, a Godfrey, a Juwawo, Mayi Bandawe, Mayi Saidi ndi ine. Mayi Saidi anayamba kunena kuti malongosoledwewo analemba ndi iwo. Ndinawadula mawu, n'kunena kuti iwo anafunsa mafunso awiri oyenera ndipo amene anawayankha molakwa ndi kusayina ndine.

A Sajeni anafunsa ngati kuyeza magazi kungathetse nkhaniyi. Ndinati ayi, chifukwa mwana wotayikayo sanali wa magazi a Mayi Likaka, ndipo abale ake a magazi sakudziwika. Anafunsa ngati panali chipsera kapena chilema. Mayi Likaka anati mwanayo anali wosalala thupi lonse. Anafunsa ngati pali chinthu china chimene Mayi Likaka sanachitchule mu fayilo, choti tifunse a Juwawo tsopano. Mayi Likaka anatchula dzina la galu wawo. A Juwawo anati, “Munandiuza Lachiwiri, achemwali.” Mayi Likaka anatchula mtengo wa mango womwe unali pa chitsime. A Juwawo anati, “Umenewonso munandiuza.” Mayiwo anatchulanso nyimbo yomwe ankamugonekera, dzina la anansi a nkhokwe ija, ndi tsiku lomwe mwanayo anagwera m'dothi loumbira. Zonsezo anali atazifotokoza kale m'masiku awiri omwe anakhala ku Chigumula. A Sajeni anati, “Mayi, simunasiyeko ngakhale kamodzi?” Iwo anati, “Ndinasunga zaka 39, bwana. Ndikanasiyiranji?”

A Sajeni anafunsa a Juwawo kuti anene zoona, ngati belulo ankalikumbukira asanawerenge uthenga. Yankho lawo ndinalilemba mu kabuku kanga pamene ankalankhula, ndipo ndi ili: “Bwana, ndikanama mukhoza kunditulutsa msanga, koma ndinena mmene zilili. Kuyambira kale ndimakumbukira kuti m'manja munali kanthu kozizira. Ndinkayesa kapu. Sindinauze a ku parishi chifukwa ndinkati kapu si nkhani. Nditawerenga uthenga uja ndinaliona belu, ndinaona ndi duku lomwe, lofiira. Tsopano ndikatseka maso ndikuliona bwinobwino. Koma sindikudziwa ngati ndikulikumbukira kapena ndinaliwerenga.” Mayi Likaka anati dukulo linali lofiira. Ndinatsegula fayilo 233. Mtundu wa duku mulibe. A Godfrey anafunsa mayi awo ngati anatchula mtunduwo ku Chigumula. Mayi Likaka anati sakukumbukira. A Juwawo anatinso sakukumbukira.

A Godfrey anatembenukira kwa a Juwawo n'kufunsa kuti, “Ndiye ndinu malume anga kapena ayi?” A Juwawo anati, “Mukanandifunsa Lolemba, mwina ndikanakuuzani za kapu, inu n'kuweruza nokha. Lero sindikudziwa. Nyumba yanu sindikuifuna. Ndikungopempha kuti mayiwa musawaletse kubwera.” A Godfrey anapempha kutuluka panja. Anabwerera patatha mphindi khumi.

Mayi Likaka anandiyang'ana n'kunena kuti, “Bambo Alufandika, dindani fayilo yanga. Lembani kuti wapezeka. Inu ndinu mumasunga buku. Mukalemba inu, Godfrey amva.” Ndinayankha kuti chidindo chimenecho chimadindidwa munthu akatchula yekha za mu envulopu, ndipo pa fayilo iyi zimenezo sizingachitikenso. Anati, “Munalakwa ndinu, ndiye mukundikaniza ndinunso?” Ndinati eya. Mayi Bandawe anandifunsa ngati sipangakhale njira ina. Ndinati ndikadinda, ndiye kuti a Paston awiri ena aja sitidzawafunsanso, ndipo ngati a Juwawo ali ndi mchemwali wina amene akuwafuna, ameneyo tidzamuuza kuti palibe. A Juwawo anati, “Asadinde, achemwali. Akunena zoona.”

Zomwe tinagwirizana, zomwe a Sajeni analemba ndi kutiwerengera nthawi ya 12:25, ndi izi. A Godfrey Likaka achotsa dandaulo lawo, ndipo a Paston Juwawo atulutsidwa lero popanda mlandu. Mafayilo 233 ndi T-871 akhala otsegula, osadindidwa. Nkhani ya chipinda cha ku Manja iyamba yaima mpaka ofesi itayendera a Paston awiri enawo motsata masamba anayi aja. Mayi Likaka azipita ku Chigumula pamene afunira, ndipo a Godfrey aziwaperekeza akakhala kuti sali pa ulendo. Kalaliki sayambanso ntchito kufikira ndime 14 itachotsedwa mu kompyuta n'kubwerera m'maenvulopu, malongosoledwe onse 11 atawerengedwanso ndi munthu amene sanagwirepo ntchito pa ofesi yathu, ndiponso chida chilichonse chitayesedwa, kaya chapeza malikisi angati. Ine ndachoka pa ntchito younika malongosoledwe, ndinapempha ndekha.

Anasayina ndi a Godfrey, Mayi Bandawe, Mayi Saidi, a Juwawo ndi ine. Mayi Likaka anagwira cholembera osalemba. A Sajeni anawauza kuti sakukakamizidwa. A Godfrey anati, “Amayi, ndikuperekezani Lamlungu. Ndidzalowa m'nyumbamo, ndidzapereka moni.” Mayi Likaka anafunsa kuti, “Udzawatchula kuti chiyani?” A Godfrey anati, “Bambo Juwawo.” Iwo anati, “Yambira pomwepo.” Anasayina nthawi ya 12:34.

Mayi Likaka, a Godfrey ndi a Juwawo anatuluka limodzi. Ndinawaona pa zenera la ofesi ya a Sajeni ataima pa siteji, mtunda wa mamita pafupifupi 60, Mayi Likaka ali pakati. Minibasi ziwiri zinaima, ina ya ku Limbe, ina ya m'tauni, ndipo sanakwere iliyonse. Pamenepo a Sajeni anandipatsa mapepala awa kuti ndiyambe kulemba, ndipo ndinachoka pa zenera.

Ngati a Paston Juwawo ndi mwana wa mu nkhokwe uja, sindikudziwa. Zina zonse ndalemba pamwambapa ndi zomwe ndikudziwa, ndipo ndaziwerenganso ndisanasayine.

Wopereka umboni: Wilkins Alufandika ______________________

Wolandira umboni: Sajeni Mabvuto Kalinde ______________________

Tsiku: 13 Juni 2025